Musalipire dipoziti ku Sandton musanaone pepala la allocation

Anzathu a geni yodutsa maboda, ndi inu madalaivala amene mumagona pa Beitbridge kudikira mapepala, lero tikambirane za galimoto yatsopano yochita kuoda ku Joni. Ambiri mwa ife tinayamba ndi galimoto zakale za ku Japan. Geni ikayenda bwino, mtima umafuna bakkie yoti woyamba kuikwera ukhale iwe, mtundu wake ndi injini yake wasankha wekha. Ndiye timafika ku Sandton, timalowa mu showroom ya magalasi okhaokha, amatipatsa khofi, wogulitsa n'kutiuza kuti ali ndi allocation, tingosiya dipoziti. Ife tikuti ndalama isatuluke m'thumba kufikira mawu amenewo atalembedwa papepala losainidwa.

Tiyambe ndi kumvetsa chinthucho. Dila sapanga galimoto. Kampani ngati Toyota, Ford kapena Isuzu ndi imene imagawa galimoto kwa madila ake, uyu zingapo, uyo zingapo. Gawo limene dila wapatsidwalo ndiye allocation. Tiyerekeze kuti dila wapatsidwa Land Cruiser zitatu, koma anthu amene asiya dipoziti ndi 20. Akamati ali ndi allocation sakunama, zitatuzo zilipodi. Funso ndi lakuti mwa zitatuzo ilipo imene yalembedwa dzina lanu?

Pali malo atatu amene munthu wooda galimoto angaime, ndipo wogulitsa wochenjera amawatchula onse ndi dzina limodzi. Oyamba ndi mndandanda wodikira: dzina lanu lili m'kompyuta ya dila basi, fakitale sikukudziwani. Achiwiri ndi pamene kampani yavomera oda, pali nambala ya oda, mtundu wa galimoto ndi mwezi umene ipangidwe kapena ifike. Achitatu ndi pamene galimoto yapatsidwa VIN, nambala ya chassis ija ya zilembo ndi manambala 17. Funsani mosapita m'mbali kuti bwana, ine ndili pati pa atatuwa? Ngati ndi achiwiri kapena achitatu, akuonetseni pa sikirini, akusindikizireni pepala, ndipo manijala wa malonda asainepo. Wogulitsa akhoza kusiya ntchito mwezi wamawa, malonjezo ake a pa WhatsApp n'kupita naye.

VIN imakuuzaninso kumene galimoto yachokera. Toyota yopangidwa ku Prospecton, ku Durban, monga Hilux ndi Fortuner, imayamba ndi AHT. Ranger ya ku Silverton, ku Pretoria, imayamba ndi AFA. Yochokera ku Japan, monga Land Cruiser 300 kapena 79, imayamba ndi J. Izi zikuthandizeni kuyeza lonjezo. Hilux imangokwera thiraki pa N3 kuchokera ku Durban, pomwe Land Cruiser imayenera kuwoloka nyanja pa sitima. Munthu akamakulonjezani Land Cruiser m'masabata awiri koma VIN alibe, dziwani kuti akukugulitsani chiyembekezo. Likulu la Toyota South Africa Motors lili ku Sandton komweko, choncho kuimbira ofesi yawo yothandiza makasitomala kuti mutsimikize ngati dilayo ndi wovomerezeka si ntchito yaikulu.

Ngakhale allocation yeniyeni imatha kugwa. Mu April 2022 madzi osefukira analowa mu fakitale ya Toyota ku Prospecton, ntchito inaima pafupifupi miyezi inayi. Hilux, Fortuner, Corolla Cross ndi minibasi za Hiace zinasiya kutuluka. Madila okhulupirika omwe anasowa choyankha makasitomala. N'chifukwa chake pa Offer to Purchase payenera kulembedwa tsiku lomaliza loperekera galimoto, komanso kuti likadutsa tsikulo dipoziti ibwezedwa yonse, m'masiku angati. Mawu oti "pafupifupi" kapena "ikangopezeka" sakutetezani.

Kwa munthu wa ku Joni amene amalandira malipiro mu rand, kudikira miyezi isanu ndi umodzi n'kotopetsa chabe. Kwa ife ndi nkhani ya mpamba. Ndalama imene yagona pa akaunti ya dila ikanapita maulendo angapo a katundu pakati pa Joni ndi Limbe n'kubereka. Chachiwiri ndi kwacha. Mu May 2022 inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti. Amene anasiya dipoziti mu rand, ndalama yotsala ali nayo mu kwacha kunyumba, anadzuka tsiku limodzi galimoto yomweyo itamuthawa. Onjezani apo kuti madila ambiri amalipiritsa mtengo wa tsiku limene galimoto yafika, osati wa tsiku limene munaoda. Ngati mtengo sungamangidwe, alembe kuti ukakwera muli ndi ufulu wobwerera ndi ndalama yanu.

Ena amati ku South Africa kuli malamulo, dipoziti siingalowe m'madzi. Lamulo liripodi, Consumer Protection Act ya 2008. Gawo 17 limalola munthu kuthetsa oda, dila n'kudulapo ndalama yoyenera. Koma gawo lomwelo limanena kuti silikhudza katundu wochita kuitanitsa mwapadera. Ndiye mukasankha mipando yanuyanu, mtundu wosowa ndi zitsulo zoonjezera, dila akhoza kunena kuti oda yanu ndi yapadera, dipoziti sabweza. Chimene chingakuthandizeni ndi gawo 19, lonena za kupereka katundu pa tsiku logwirizana, ndipo limagwira bwino ntchito ngati tsikulo linalembedwa. Dziwaninso kuti mukagula m'dzina la kampani imene katundu wake kapena malonda ake a pachaka afika R2 miliyoni, lamuloli silikutetezani ngati kasitomala wamba. Madandaulo amapita ku Motor Industry Ombudsman of South Africa, koma kuyendetsa nkhani muli ku Mzuzu, masiku a pa pasipoti akutha, si zophweka. Bola kutseka mpata usanayambe mlandu.

Musabisenso kuti galimoto ikupita ku Malawi, Zambia kapena Mozambique. Nenani tsiku loyamba lomwe. Madila ena saloledwa kugulitsa galimoto yatsopano yoti ikatuluke m'dziko, ndipo ndi bwino mumve zimenezi ndalama ili m'thumba. Funsani ngati waranti ndi service plan zikagwire ntchito mukawoloka Mwanza kapena Dedza, yankho alembe. Funsani za VAT ya 15 peresenti: kodi adzaichotsa pa invoice chifukwa galimoto ikutuluka, kapena mudzalipira n'kukaitanitsa pambuyo? Ngati ndi kuitanitsa, lamulo limafuna kuti katundu atuluke pasanathe masiku 90 kuchokera tsiku la invoice, choncho musalole invoice yomaliza kulembedwa galimoto isanafike. Mgwirizanenso kuti pepala la apolisi la SARPCCO alitenga ndani. Msonkho wa MRA auwerengeretu clearing agent wanu musanasaine.

Pali madobadoba amene amazungulira m'magulu athu omwe ano, kumati ali ndi m'bale mkati mwa showroom, akhoza kukudumphitsani mzere mukawapatsa kangachepe. Allocation sigulitsidwa pa kona. Ndalama ipite ku akaunti ya m'dzina la kampani ya dila, ndipo nambala ya akauntiyo muitsimikize pamaso ku ofesi yawo ya zachuma. Akamberembere amatha kutumiza imelo yooneka ngati ya dila, nambala ya akaunti atasintha. Risiti ikhale ndi nambala ya oda kapena VIN, osati mawu oti dipoziti ya galimoto basi.

Tikudziwa chimene ena anene: ukachulutsa mafunso malo ako amapatsa wina. Zimachitikadi pa galimoto zosowa. Koma taganizani, malo amene akuthawa chifukwa mwapempha pepala analipo n'komwe? Dila amene alidi ndi galimoto yanu amatembenuza sikirini m'mphindi ziwiri, chifukwa nayenso akufuna malonda atheke. Amene akukwiya wakuyankhani kale. Ngati mukufunabe kukhala pa mndandanda wodikira, khalanipo ndi ndalama yochepa yolembedwa kuti imabwezedwa, yotsalayo izigwira ntchito mu geni. Ndipo nthawi zambiri Hilux yoyera imene yaima kale pabwalo, VIN yake mukuiwerenga ndi maso pa galasi, imaposa yofiira ya m'maloto. Katundu pa msewu wa Tete sasankha mtundu wa penti.

Tikagula mabulangete kapena matayala timawerenga katoni iliyonse tisanalipire, ndipo inu madalaivala simunyamuka pa depoti musanaone kuti nambala ya seal ikugwirizana ndi pepala. Galimoto ya ndalama zochuluka chonchi tiigule ndi mwambo womwewo. Safunsa anadya phula. Amene mwaodapo ku Joni, tiuzeni kuti munadikira miyezi ingati ndipo anakupatsani pepala lanji, maina a anthu musatchule, kuti wotsatira apite akudziwa chofunsa.