Sudan: Mtsogoleli ataopa asilikali ake

Nkhondo ya ku Sudan inayamba pa 15 April 2023 mu mzinda wa Khartoum. Ambili a ife timaimva ngati mkangano wa akazembe awili, Abdel Fattah al-Burhan ndi Mohamed Hamdan Dagalo, wodziwika kuti Hemedti. Koma zinatheka bwanji kuti dziko limodzi likhale ndi magulu awili a nkhondo, lililonse ndi mfuti zake, ndalama zake ndi mkulu wake?

Anayambitsa zimenezi ndi Omar al-Bashir. Iye anali msilikali, ndipo analanda boma mu 1989. Mbili ya dziko lake anali kuidziwa bwino: asilikali analanda boma mu 1958, analandanso mu 1969, ndipo mu 1985 anacotsa Jaafar Nimeiri, msilikali mnzawo. Amene analowa m'nyumba pa zenela sagona tulo akamva zenela likugwedela.

Conco nkhondo itabuka ku Darfur mu 2003, Bashir sanadalile asilikali a boma okha, makamaka popeza ambili mwa asilikali wamba anali ana a ku Darfur komweko. Anapatsa mfuti magulu a Janjaweed, amene anawocha midzi ndi kupha anthu wamba. Mu 2013 anawasonkhanitsa nawapatsa dzina la boma lakuti Rapid Support Forces, RSF mwacidule. Gululi linalemela ndi golide wa ku Jebel Amer komanso potumiza anyamata ake kukamenya nkhondo ku Yemen. Bashir anafuna kuti asilikali akadzamuukila, Hemedti adzamucinjilize.

Owelenga Baibulo akumbukila kuti Davide nayenso anali kuopa Yoabu, kazembe wake, ndipo anali ndi Akereti ndi Apeleti pansi pa Benaya. Nzelu imeneyi si yatsopano. Ndipo kunena zoona, mantha a Bashir sanali opanda maziko. Colakwika cinali mankhwala ake.

Mu April 2019 anthu atadzaza m'misewu, asilikali ndi RSF anagwilizana n'kumucotsa pampando. Mu October 2021 anagwilizananso kugwetsa boma la Abdalla Hamdok. Anadzasiyana pa nkhani imodzi: kulowetsa RSF m'gulu la asilikali a dziko. Asilikali anati zitheke m'zaka ziwili, Hemedti anati khumi. Atambala awili salila m'khola limodzi. Lelo anthu oposa 10 miliyoni anathawa m'nyumba zawo, ndipo mu August 2024 kunalengezedwa njala yoopsa pa msasa wa Zamzam, pafupi ndi El Fasher.

Kuno kwathu tinaonako asilikali ena akuyesa kulanda boma mu 1990 ndi mu 1997, koma sitinafike pokhala ndi gulu laciwili la nkhondo. Tiyamika Mulungu. Ngakhale n'telo, sitingaiwale mmene makada a zipani analamulilapo misika ndi masitesheni a mabasi, apolisi ali cete. Ndi zazing'ono poyelekeza ndi Sudan, koma mbewu yake ndi imodzi: wandale akukhulupilila anyamata ake kuposa amene lamulo linawapatsa nchitoyo.

Nkhondo itangoyamba, a RSF analanda chalichi cacikulu ca Anglican ku Khartoum, All Saints, ndipo Akibishopu Ezekiel Kondo anasamukila ku Port Sudan. Tipempha mipingo yathu yonse kuti pa mapemphelo a Sondo lino imuchule dzina, pamodzi ndi nkhosa zake zobalalika.