Za Pakhomo Pathu: Usiku wa Mayeso, Mwana Amabwerera ndi Ndani?

Mwana wathu wachiwiri, wamkazi, ali chaka chachitatu ku sukulu ya ukachenjede. Monga anzake ambiri, sanapeze malo m'nyumba zogona za pasukulu, choncho amachita lendi kachipinda ka pamtunda wa mphindi 20 wapansi. Pa mayeso a chigawo chatha tinkamuimbira foni pafupifupi tsiku lililonse, ndipo funso lathu silinkasintha: "Ukuwerenga?" Iye ankati, "Eee, ndikuwerenga." Sankanama ayi.

Atabwera kutchuthi m'pamene tinamva kuti kuwerengako kunkatha cha m'ma 1 koloko usiku, m'kalasi, poti kuchipinda kwake magetsi ankangothimathima. Usiku wina anapezeka ali yekha pa geti, anzake oyenda nawo atatsogola kale. Mlonda wina wachikulire anamuletsa kutuluka. "Mwana wanga, njira imeneyo nthawi ino simuyenda nokha," anatero bamboyo. Anamukhazika pa benchi mpaka panafika ophunzira ena olowera komweko, ndipo anawaperekeza onse ndi tochi kukafika pamsewu.

Tinamufunsa dzina la mlondayo, koma sankalidziwa. Sitinamudzudzule, chifukwa manyazi anali athu. Zaka zitatu zonse tinkadziwa fizi ya chigawo chilichonse ndi maphunziro amene amamuvuta, koma njira imene amadutsa usiku tinali tisanaifunsepo.

Amene muli ndi ana ku Zomba mukudziwa kuti ambiri amagona ku Chikanda, ndipo a ku Mzuzu ambiri ali ku Luwinga. Kulikonse nkhani ndi yomweyi. Kuno kwathu ikamakwana 6 koloko kunja kwada, ndipo m'masabata a mayeso mwana amene ankabwerera kusanade amayamba kubwerera pakati pa usiku, laputopu ili m'chikwama, maso akulemera. Akuba nawonso amadziwa nthawi ya mayeso. Wophunzira wa chaka chomaliza akalandidwa laputopu, kawirikawiri zimapita limodzi ndi kafukufuku wa chaka chonse. Muuzeni azidzitumizira ntchito yake pa imelo madzulo aliwonse, ndipo akakumana ndi achifwamba apereke chikwamacho asalimbane nawo. Mawu amenewa ayenera kuwamva kuchokera kwa ife, chifukwa mwana amene akudziwa kuti laputopuyo tinaigula titagulitsa mbuzi akhoza kuikakamira mpaka kuvulala.

Sukulu zambiri zili ndi ofesi ya alonda, chipatala chaching'ono, ndi mkulu woyang'anira za umoyo wa ophunzira. Mayeso akamayandikira, ena mwa iwo amamata zidziwitso, amayendera malo ogona, amakumbutsa ana kuyenda m'magulu ndi kukhoma zitseko. Ife timawayamikira, koma taona kuti mwana wa zaka 20 amadutsa pepala lapakhoma ngati silikumukhudza. Amayi ake akamuuza kuti, "Unditumizire nambala ya ofesi ya alonda lero, ndi ya mnzako amene umayenda naye," amakaifunafuna, ngakhale akung'ung'udza.

Kuchipinda nakonso kuli zake. Mayeso akagwera mu June kapena July, ana amalowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka zenera. Makala oyaka amatulutsa mpweya wopanda fungo, wosaoneka, umene umalanda malo a mpweya wabwino m'magazi. Munthu amamva mutu ndi chizungulire, n'kumaganiza kuti ndi kutopa, kenako amagona osadzukanso. Mbaula isagone m'nyumba, ngakhale makala akuoneka ngati azilala. Kandulo pafupi ndi neti ya udzudzu ndi mulu wa mapepala ndi ngozi inanso, ndipo kanyali ka sola n'kotchipa poyerekeza ndi chipinda cha eni chitapsa.

Pa nkhani ya tulo tikhalepo pang'ono. M'mabanja athu ana amakula osadziwa khofi, koma ambiri amamulawa koyamba pa mayeso, pamodzi ndi zakumwa zam'mabotolo zija amati zopatsa mphamvu. Kafini amene ali m'zakumwazi sapereka mphamvu iliyonse. Amangotseka uthenga umene thupi limatumiza ku ubongo kuti latopa, ndipo pakatha maola ngati 5 theka lake limakhala lidakali m'magazi. Womwa 10 koloko usiku amakagona 3 koloko thupi lisanamasuke. Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7, ndipo m'tulo ndi mmene ubongo umasungira bwino zimene wawerenga masana. Mu 1997 ofufuza a ku Australia anapeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachita zinthu mofooka ngati amene wamwa mowa. Ndiye taganizani, mwana wathu amene sanalawepo mowa akulowa m'chipinda cha mayeso, kapena akuwoloka msewu, ali ngati woledzera, ife kunyumba tikunyadira kuti amachezera kuwerenga.

Chinanso chimene tinachedwa kuchizindikira n'chakuti ndalama zimatha nthawi yomweyo imene mayeso akuyamba. Kumayambiriro kwa chigawo mwana amapita ndi ufa, nyemba ndi kandalama. Pofika sabata yomaliza amadya kamodzi patsiku, ndipo sanena, poopa kutilemetsa. Njala yotereyi ndi imene imapereka mpata kwa abambo a magalimoto oima pa geti, ndi kwa aliyense wolonjeza malikisi posinthana ndi thupi. Ngati pali kangachepe, ndi bwino kukasunga kuti kapite mayeso atatsala sabata imodzi. Mtedza wokazinga ndi nthochi zimagwira pamimba kuposa mabisiketi. Ndipo mwana wamkazi kapena wamwamuna adziwe kuti wina akamuopseza ndi malikisi, akanene ku ofesi yoona za ophunzira kapena ku Victim Support Unit ya polisi, ndipo ife tidzaima naye.

Cholemera kuposa zonsezi ndi mantha. Ophunzira ali ndi mawu awoawo: "sapu", kutanthauza mayeso obwereza, ndi "kuwidedwa", kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera. Amawatchula moseka, koma kwa mwana amene mudzi wonse unamuperekeza pokwera basi, si nkhani yoseketsa. Ife makolo timawonjezera katunduyu mosadziwa tikamati, "Banja lonse likudalira iwe." Mwina ndi zoona, koma wanthabwala akangoti zii, wosiya kudya, wosayankha foni, wolankhula ngati akutsanzika kapena wogawa katundu wake, ameneyo asauzidwe kuti angolimba mtima. Mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu, ndipo ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Asakhale yekha usiku umenewo, ndipo m'mawa apite kuchipatala. Kuvutika maganizo ndi matenda ochizika. Ku Zomba kuli chipatala cha boma cha matenda a maganizo, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli a St John of God. Pemphero ndi chipatala sizitsutsana. Eliya atathawira kuchipululu n'kupempha imfa, mngelo anayamba ndi kumupatsa chakudya ndi madzi, n'kumusiya agone.

Za mayeso ogwera pa Sabata tinalembapo kale, ndiye tingokumbutsa kuti ndondomeko ikangotuluka mwana aione tsiku lomwelo, ndipo ngati pali vuto apite ndi kalata ya abusa nthawi idakalipo. Tikupemphanso mipingo yoyandikana ndi sukulu, pamodzi ndi a Public Campus Ministries, kuti m'masabata amenewa ophunzira asabwerere ku zipinda zawo ndi njala mapemphero akatha. Mbale ya nsima pakhomo pa mkulu wa mpingo, ndi tsiku lathunthu lopanda buku la mayeso, zimamubwezeretsa mwana kuposa mmene timaganizira.

Chigawo chino tisanamukweze basi tinakhala naye pansi. Tinamuuza kuti akakhoza tidzasangalala, akapeza sapu adzalemba, ndipo ngakhale atawidedwa chipinda chake chilipo ndipo tidzakamutenga tokha. Anaseka, kenako analira pang'ono. Dzulo watumiza nambala zitatu zimene tinapempha. Dzina la mlonda uja walidziwa tsopano, ndipo kathumba ka mtedza kamene amayi ake anamupatsira akuti kanafika.