Manachesi safuna nkhani 50

Sabata yatha anandipeza mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Fomu 4 zaka zapitazo. Pano amapikula manachesi kwa alimi a ku Thambani n'kumatumiza ku Blantyre. Anandionetsa uthenga wa pa WhatsApp. Munthu wina akumulonjeza kuti akalipira amutsegulira tsamba la pa intaneti, amulembera nkhani 50 zotamanda manachesi ake n'kuzimwaza m'masamba osiyanasiyana, kuti aliyense wofufuza pa Google aziyamba kuona dzina lake. Mtengo wake ndi wogula thumba la feteleza n'kutsalako ya mchere.

"Aphunzitsi, ndilipire?"

Ndinamuuza kuti asunge ndalama yake, ndipo ndifotokoze pano poti uthengawu sunapite kwa iye yekha.

Njirayi ndi yakale. M'zaka za m'ma 2000 kunali masamba ngati EzineArticles, ArticlesBase ndi GoArticles, omwe ankalandira nkhani za aliyense ulere. Pansi pa nkhaniyo wolemba ankaloledwa kuika linki yolozera ku tsamba la bizinesi yake. Chinsinsi chinali chakuti Google, posankha tsamba loti lioneke koyamba, inkawerengera malinki olozera tsambalo ngati mavoti. Ndiye anthu anayamba kubera mavoti. Nkhani imodzi ankangoisintha mawu apa ndi apo, ena pogwiritsa ntchito makina, n'kuitumiza malo ambirimbiri. Palibe ankalembera owerenga. Ife aphunzitsi timaidziwa ntchito yotereyi: ana khumi kukopera chimangirizo chimodzi, wina n'kusintha "galu" kukhala "mphaka" poganiza kuti sitizindikira.

Google inazindikira. Mu February 2011 inasintha kasankhidwe kake, kusintha komwe kumadziwika kuti Panda, ndipo masamba odzadza ndi nkhani zopanda phindu anakankhidwira kumbuyo. Mu April 2012 kunabwera Penguin, yolimbana ndi malinki ochita kupanga. Mpaka lero malamulo a Google amati kumwaza nkhani pofuna malinki ndi chinyengo. Apa ndiye kuti mnyamatayu amafuna kumugulitsa katundu amene anaola zaka zoposa khumi zapitazo.

Koma ngakhale njirayo ikanakhala ikugwirabe ntchito, ndani amagula manachesi pa Google? Mayi wa mumsika wa Limbe safuna kuwerenga za ubwino wa vitamini C. Mafunso ake ndi atatu: dengu ndi zingati, galimoto inyamuka liti ku Mwanza, nanga afika osaphwanyika? Bandulo yake ndi ya WhatsApp, ndipo sangaiwonongere nkhani yachingerezi yolembedwa ndi munthu amene sanakwerepo mtengo wa nachesi. Komanso nyengo ya manachesi ndi yaifupi, miyezi yozizirayi basi. Tsamba latsopano limatenga nthawi kuti liyambe kuoneka; pomadzaoneka, mitengo idzakhala itatsala masamba okhaokha.

Musandimve molakwika, owerenga, sindikunyoza intaneti. Amene ali ndi malo ogona kapena odyera pafupi ndi boda, komwe madalaivala a mathiraki opita ku Zobue ndi ku Tete amagona pamzere, alembetse malo awo pa Google Maps. Ndi zaulere, ndipo mlendo wofika usiku amafufuzadi pamenepo. Wogulitsa zipatso aike WhatsApp Business, yomwe inayamba mu 2018, nayonso yaulere. Ajambule manachesi a lero, osati a chaka chatha, alembe mtengo weniweni, nambala ya Airtel Money kapena Mpamba, ndipo foni ikaitana aziyankha. Izi za foni ndikunena dala, chifukwa ndinaimbirapo wogulitsa wina kasanu konse osayankha, mpaka ndinakagula kwa mnzake.

Dzulo ndaona pa status ya mnyamata uja chithunzi cha madengu asanu ndi limodzi m'mbali mwa msewu wa M6, mtengo uli pansi pake. Nambala yolipirira anaiwala kulemba. Ndamuimbira, wayankha itangoitana kawiri.