Yambani ndi Singano, Kaunjika Abwere Pambuyo

Pali mchitidwe wina umene wafala pakati pa anthu ophunzitsa achinyamata kukonza masamba a pa intaneti, ndipo ine ndikuutsutsa poyera. Mwana akangolowa m'kalasi, asanadziwe ngakhale kusintha mtundu wa chilembo chimodzi, amamupatsa tsamba lokonzakonza kuti angosinthapo dzina ndi chithunzi. Pakapita milungu iwiri amamupatsa satifiketi, namuuza kuti tsopano ndi katswiri. Kumeneku sikuphunzitsa ayi. N'kumuveka mwana kaunjika kenaka n'kumutcha telala.

Kwa amene nkhaniyi ndi yachilendo, tiyeni tiyambe talongosola. Tsamba lililonse la pa intaneti lili ndi thupi ndiponso chovala. Thupi ndilo mawu enieniwo, mitu, ndime ndi zithunzi, ndipo limalembedwa m'chinenero chotchedwa HTML. Chovala ndicho CSS, ndiye kuti mndandanda wa malamulo onena kuti mutu ukhale wa mtundu wanji, zilembo zikule motani, ndiponso pakati pa ndime pakhale mpata wotani. Amene anabweretsa ganizo la CSS ndi Håkon Wium Lie wa ku Norway, m'chaka cha 1994, akugwira ntchito ku CERN, kufupi ndi Geneva, komwe Tim Berners-Lee anayambitsira masamba amenewa. Bert Bos anagwirizana naye, ndipo bungwe la W3C linavomereza malamulo oyamba mu Disembala 1996. Kale munthu wokhala ndi masamba 100 akafuna kusintha mtundu wa mitu, ankatsegula masamba onsewo limodzilimodzi. Lero amasintha mzere umodzi basi, onse n'kumvera.

Ife amene tinagwirapo choko sitivutika kumvetsa zimenezi. Mphunzitsi wamkulu akalamula kuti ana onse azivala yunifolomu yobiriwira, sapita kukauza mwana aliyense payekha. Koma akanenanso kuti a Folomu 4 azivala tayi wakuda, lamulo lolunjika gulu lochepali limapambana lamulo la onse lija. CSS imayenda chimodzimodzi: lamulo lolunjika kwambiri ndilo limamveka, ndipo malamulo awiri ofanana mphamvu akatsutsana, lolembedwa pomalizira ndilo limapambana. Nanga mwana amene sanalembepo yekha lamulo n'limodzi lomwe adzadziwira kuti zimenezi?

Ine ndinayamba kuphunzira luso limeneli nditapuma kale pa ntchito, zala zitauma. Tsiku lina ndinakhala madzulo onse ndikulimbana ndi mutu umene unakana kufiira. Kompyuta sinandidzudzule, sinandilembe mzere wofiira monga ndinkachitira ine m'makope a ana, inangokhala duu! Patapita nthawi ndinapeza kuti ndinaiwala kachizindikiro kamodzi kotsekera mzere, kadontho kokhala ndi mpatuliro kunsi kwake, motero mizere iwiri inalumikizana n'kusanduka chinthu chopanda tanthauzo. Mnyamata wina anandiseka nati, "Agogo, mukuvutikiranji? Ingotengani zopangapanga." Komatu madzulo amenewo ndinaphunzira chinthu chimene iye sanachidziwe kufikira lero: CSS ikakumana ndi mzere umene siikuumva, imaudumpha mwakachetechete. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo cholakwa cha mu CSS chimabisala kuposa maso a nkhonowo.

Otsutsana nane adzati nthawi ndi ndalama, ndipo zida monga Bootstrap, imene anthu a ku Twitter anaitulutsa mu 2011, zinapangidwa kuti munthu asamayambire pachiyambi tsiku lililonse. Sindikukana. Kaunjika tonsefe timavala, ndipo inenso jekete langa la ku tchalitchi ndinaligula pamulu. Koma jeketelo linasokedwera munthu wa msinkhu wina, ndipo ndinalivala bwino chifukwa telala wa pakhonde anadziwa pomasula ndi pobweza. Bootstrap si matsenga. Ndi CSS yomweyo, yolembedwa ndi anthu ena. Wodziwa singano imamuthandiza. Wosadziwa imamusandutsa kapolo.

Taonani zimene zimachitika ntchito ikafika kwa mwini wake. Tsamba lija linkaoneka lokongola pa kompyuta ya m'kalasi, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mwini sitolo akalitsegula pa foni yake, chithunzi chasefukira kunja, mitengo ya katundu yabisika. Katswiri wathu wa milungu iwiri uja thukuta kamukamu. Sadziwa kuti chinthu chilichonse pa tsamba ndi bokosi, lokhala ndi mpata wa m'kati, malire, ndi mpata wa kunja, ndipo kuti zitatuzi n'zimene zikukankha chithunzicho. Amayamba kuwaza mawu akuti !important paliponse, monga mphunzitsi wolephera amene amangokuwa chifukwa kalasi yamukanika. Pamwamba pa izo, tsamba lobwerekalo limasenza malamulo miyandamiyanda amene silikuwagwiritsa ntchito, ndipo amene amalipira katundu ameneyu ndi wowerenga, ndi bandulo yake yogula movutikira.

Amene akuganiza kuti CSS yolemba pamanja n'njosauka akaone ntchito imene Dave Shea wa ku Canada anayambitsa mu 2003, yotchedwa CSS Zen Garden. Mawu ake ndi amodzimodzi, HTML yake ndi imodzimodzi, koma akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana anaiveka zovala mazanamazana, moti sungakhulupirire kuti thupi ndi lomwelo.

Chimene ndikupempha kwa aphunzitsi anzanga si chachikulu. Mwezi woyamba mwana apatsidwe tsamba lopanda kanthu, alembepo mutu umodzi ndi ndime zitatu, azivale yekha, alakwitse, afufuze yekha polakwikapo. Ndipo tsiku la mayeso musamufunse kuti akuonetseni tsamba lokongola. Mupatseni tsamba lowonongeka, mumulande intaneti kwa ola limodzi, muone ngati alikonze.