Mudzi Umodzi, Koma Nkhokwe Ili Pakhomo pa Ndani?

Otamanda makina anzeru, omwe ambiri akuwatchula kuti AI, ali ndi nyimbo imene satopa nayo. Akuti makinawa agwetsa malire ndipo dziko lonse lasanduka mudzi umodzi. Mawuwa ndi ozuna ndithu, koma oimba nyimboyi sanena kuti nkhokwe ya mudziwo yamangidwa pakhomo pa ndani.

Zoti maiko alukana ngati mphasa sitikukana. Tizipangizo timene timayendetsa makinawa amatikonza pamapulani ndi a Nvidia ku California, amatipanga ndi a TSMC ku Taiwan, ndipo makina otisindikizira amachokera ku ASML ya ku Netherlands. Palibe dziko limene likuchita zonsezi palokha.

Koma ulusi wina wa mphasayi umathera ku Nairobi, ndipo umenewu sautchula pamisonkhano. ChatGPT isanatulutsidwe mu Novembala 2022, panafunika anthu oti aphunzitse makina kuzindikira mawu onyansa. Mu Januwale 2023 magazini ya TIME inaulula kuti OpenAI inapereka ntchitoyo ku kampani ya Sama, imene inalemba anthu a ku Kenya kuti aziwerenga nkhani za kupha, kuzunza ndi kugwiririra ana, n'kumaika chizindikiro pa iliyonse. Malipiro awo sankapitirira madola 2 pa ola. Ena anadandaula kuti zimene ankawerengazo sizinkawachoka m'mutu ngakhale ataweruka. Chaka chotsatira, mu 2024, mtengo wa kampani ya Nvidia unadutsa madola 3 thiriliyoni.

Kachitidwe aka si kachilendo kwa aliyense amene anamva za thangata. Makolo athu amene ankalima m'maesiteti a atsamunda ku Thyolo ndi Mulanje analinso m'malonda a dziko lonse, pakuti zokolola za thukuta lawo zinkafika ku London. Analimo ndithu, koma ali ndi khasu m'manja. Lero khasu lasanduka kompyuta, ndipo kapitawo safunikanso kukwera sitima.

Wina adzati nafenso tikudya nawo, poti Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu 2014. Inde, ndipo kalata ya Chingerezi imene kale inkasowa woiwerenga lero ikumveka pafoni. Koma kuloledwa kugula pamsika si kukhala mwini msika. Ndani mwa ife anafunsidwa pamene zolemba za anthu pa intaneti zinkakokoloredwa kukaphunzitsira makinawa?

Nanga malire aja anagwadi? Ntchito ya munthu wa ku Nairobi imafika ku San Francisco m'kuphethira kwa diso, popanda pasipoti, koma mwini ntchitoyo akafuna kuitsatira amaima pamzere wa viza, mwinanso kubwezedwa. Ndipo mu Okutobala 2022, boma la America litaona kuti China ikuyandikira nkhokwe, linaletsa kugulitsa tizipangizo tamphamvu kwambiri ku dzikolo. Tsiku limenelo nyimbo ya mudzi umodzi sinamveke ku Washington.