Kalabu ya agogo isadikire ngongole

Alimi anzanga, tisanamizane: kuno ku Nambuma agogo athu akungokhala okhaokha pakhonde tsiku lonse. Kale makalabu a alimi ankawakumanitsa. Alangizi akatha kufotokoza za feteleza, madala ankatsala pansi pa mtengo kusewera bawo ndi kufunsana za moyo. Koma chimene chinkagwira makalabuwo chinali ngongole ya SACA. Chitabwera chilala cha 1992, kenaka ndale za referendamu ya 1993, anthu analeka kubweza ngongole, makalabu ambiri n'kufa. Okalamba anataya bwalo lawo.

Kwa anzathu sizinatero. Ku East Germany, dziko la sosholizimu, bungwe la Volkssolidarität lomwe linayamba mu 1945 linali ndi makalabu a okalamba, kumene ankadyera pamodzi ndi kucheza. Boma lija linatha mu 1990, koma bungwelo lilipobe. Ine ndikuti linapulumuka chifukwa okalambawo ankalifuna.

Nafenso tiyambe kalabu yathu, yopanda khadi la chipani, yopanda ngongole. Anyakwawa apereke malo, ife tisonkhe chimanga cha thobwa. Timati mau a akuluakulu amakoma akagonera, nanga tiwamva bwanji eni akewo tikawasiya okha?