ZA KU MIGODI: Nyumba ya ku Wusakile Imene Siitha Kumangidwa

Ku midzi ya ku Katete, Petauke ndi Chadiza kuli dandaulo limene silikalamba. Makolo amati mwana wao wa ku Migodi anasanduka mchona, pakuti ndalama satumiza monga kale, ndipo ngakhale pa maliro amafika mocedwa ndi thumba lopepuka. Mlandu umenewu ngwosavuta kuuweruza munthu ali khale pansi pa mtengo wa mango, koma woweruza wacilungamo ayenera kuyamba waona kumene ndalama za mwanayo zimathera. Zambiri zimathera pa makoma a nyumba.

Kuli mkulu wina wa ku Katete amene analowa nchito pa mgodi wa Nkana m'masiku a ZCCM, kampani ya boma imene inapangidwa mu 1982, ndipo akhala ku Wusakile mu Kitwe kufikira lero. M'zaka zimenezo nyumba inali ya kampani. Denga likadontha kapena mpopi ukaphulika, iye anali kungopita ku ofesi kukanena, amisiri nabwera ndi zida zao. Cipatala cinali ca mgodi, madzi a mgodi, mpira womwe unali wa mgodi. Munthu wotere sanadziwe mtengo wa msomali kufikira imvi zitayamba kumera.

Zinthu zinatembenuka mu 1996, pamene boma la a Frederick Chiluba linalamula kuti nyumba za makhansolo zigulitsidwe kwa anthu okhalamo. Caka cotsatira nyumba za migodi nazonso zinayamba kugulitsidwa, ndipo kwa anchito ambiri mtengo wake unacotsedwa pa ndalama zao zolekera nchito. Mkulu uja tsiku limene anauzidwa kuti nyumba ndi yake anagulira anzake mowa, osadziwa kuti walandira nyumbayo pamodzi ndi ming'alu yake, mapaipi ake odyeka ndi dzimbiri, ndi denga lakale la asibesito limene limasweka munthu akangolipondapo.

Kuyambira pomwepo nchito yomanga siinathe. Zipinda ziwiri sizikanakwanira banja la anthu asanu ndi atatu, cotero anayamba cipinda cacitatu. Cisanathe cimeneco akuba analowa, nafunika mpanda wa mabuloko. Mpanda utafika m'ciuno, anaganiza zomanga kabini kuseri kuti azilandirapo lendi, monga acitira anansi ake onse a ku Wusakile ndi ku Chamboli. Simenti amagula thumba limodzi pa mwezi, mwina awiri. Cimene cimamuwawa ncakuti simentiyo siicokera kutali, pakuti mafakitale ake ali ku Ndola komweko, ndipo ina ya Dangote inatsegulidwa ku Masaiti mu 2015, komabe mtengo sumvera kufupika kwa ulendo. Mmisiri woyamba analandira ndalama za cikole, nanena kuti akupita kukabwereka makwerero, ndipo sanaonekenso. Thumba lina mvula inalipeza panja, linauma gwa, ndipo lero ndiwo mpando umene alendo amakhalapo. Nawo mabuloko oyembekeza nchito amera udzu pakati, abuluzi anapezapo mudzi.

Wina angafunse kuti, nanga mwana wake wamwamuna amene ali pa nchito sathandiza bwanji? Apa mpamene a kumudzi ayenera kumvetsa bwino. Mu 1976 migodi inali ndi anchito opitirira 60,000, koma pofika 2001 anatsala osakwana 20,000. Pambuyo pake nchito zinabwerako ndithu, koma zambiri zinabwera m'manja mwa makontilakita, ndiwo makampani ang'onoang'ono amene amalemba munthu kwa miyezi yowerengeka. Mnyamatayo amatsikira pansi pa nthaka monga anali kucitira atate wake, fumbi ndi lomwelo, ngozi ndi zomwezo, koma nyumba alibe, ndipo sadziwa ngati mwezi wa mawa dzina lake lidzakhala pa mndandanda. Eni mgodi nao asintha kangapo. Mu 2000 Nkana inalowa m'kampani ya Mopani imene mwini wake wamkulu anali Glencore; mu 2021 inabwerera kwa ZCCM-IH; ndipo mu 2024 gawo lalikulu linatengedwa ndi kampani ya ku Abu Dhabi. Nthawi iliyonse mphekesera zotere zikamveka, pa nyumba paja amaleka kugula simenti nayamba kusunga ya unga. Mu 2024 momwemo cilala cinaphwetsa madzi a ku Kariba, magetsi nayamba kuzima nthawi yoposa theka la tsiku, ndipo woocerera zitsulo amene anatenga nchito ya mazenera anakhala nao miyezi itatu.

Nkhani za ndale ku Migodi zimayambira mu mphika. Mu Disembala 1986, boma litakweza mtengo wa unga woyera, Kitwe ndi Ndola zinaphulika, masitolo anathyoledwa, anthu anafa, ndipo a Kenneth Kaunda anabweza mtengowo. A Chiluba amene anapambana masankho a 1991 anali mtsogoleri wa mabungwe a anchito, ndipo nchito yao anagwirira ku Ndola. Cotero pa nyumba ya ku Wusakile ndale zimakambidwa madzulo alionse, ndipo atate ndi mwana sagwirizana.

"Ukanena za a Chiluba uzisamala pakamwa," amatero mkuluyo. "Denga limene ugonamo iwe anandipatsa ndiwo."

"Atate, denga anakupatsani ndithu," amayankha mnyamatayo mwaulemu, "koma nchito imene ikanalikonza inapita nao masiku omwewo."

Onse awiri akunena zoona, ndipo ndico cifukwa cake mkanganowo sutha. Anavota mu 2011 pamene a Michael Sata analowa, anavotanso mu 2021 pamene a Hakainde Hichilema analowa, ndipo nthawi zonse anabwera kunyumba ndi cala ca inki ndi mtima woyembekeza. Amene amatseka msonkhano ndi amai a pa nyumbapo, amene amagulitsa tomato ndi kapenta pa msika wa Chisokone, ndipo kunena zoona ndalama zao ndizo zinamanga theka la mpanda uja. Iwo amangoti, "A bambo, cipani ciliconse cimene mufuna sankhani, koma beseni limene lili pa bedi licoke mvula isanabwere."

Loweruka lina nkhani zonsezi zimaikidwa pambali. Bwalo la Nkana lili mu Wusakile momwemo, ndipo tsiku limene Nkana ikumana ndi Power Dynamos a ku Ndeke, komboni yonse imavala zofiira. Mkuluyo ndi wa Nkana kuyambira unyamata, ndipo mpaka lero samakhululukira mapenate aja amene anawataitsa cikho ca Africa mu 1990 kwa JS Kabylie a ku Algeria. Mwana wake, mwina mwadala, ndi wa Power, ndipo sacedwa kukumbutsa atate wake kuti mu 1991 iwo cikho cao ca Africa anabwera naco ku Kitwe. Pa tsiku lotere ndalama za theka la thumba la simenti zimathera pa cipata ca bwalo ndi pa botolo la madzulo, kalindula ali kulira. Wina angati ndi kuononga. Koma munthu amene wakhala mlungu wathunthu mu mdima wa pansi pa nthaka, kumuletsa kukuwa kwa maola awiri padzuwa ndiko kumufunira matenda.

Mwezi wa Okutobala uli mkati, foni inalira kucokera ku Katete. Anali mng'ono wake wa mkuluyo, kunena kuti fataleza ya ku kopaletivu siidzakwanira munda wonse, ndi kuti nyumba ya amai ao okalamba ifunika udzu watsopano. Mu kabati munali ndalama za malata khumi, zimene banja linasonkha kuyambira nthawi yokolola. Mkuluyo anakhala pa thumba louma lija nthawi yaitali ndithu. M'mawa mwake anatumiza theka kumudzi, nagula malata asanu, ndipo cipinda cacitatu cinafoleredwa mbali imodzi. Mbali inayo anaikapo pulasitiki yakuda, natsendereza ndi mabuloko anai ocotsa pa mulu uja.